Agogo a Kuseri kwa Nyumba ku Unit L

Ana inu, tayambani mwazimitsa timafoni tanuto. Iwe Tadala, ndikukuona, wakabisa pansi pa chitenje ngati kuti sindinakhalepo mphunzitsi. Kuyambira m'mawa mwakhala mukundiumiriza kuti ndikufotokozereni za ulendo wanga wa ku Zimbabwe, chifukwa mwatola chithunzi chija ndaima pa miyala yosanjikizana, nditavala diresi la madontho, timiyendo tili ngati bango. Mukuganiza kuti ndi nkhani yoseketsa. Ndikuuzani, koma musadzati agogo anatiwonongera tsiku.

Ndinali Folomu 3 pa sukulu ya mishoni kwathu ku Ntcheu, m'zaka za m'ma 80, Zimbabwe itangolandira kumene ufulu. Mpingo wathu unkasinthana ana a sukulu ndi mipingo ya kunja. Mwana wa kuno ankapita kukakhala m'banja la kumeneko teremu imodzi, chaka chinacho mwana wa banja limenelo n'kubwera kuno. Anasankha ine chifukwa Chingerezi ndinkachithyola bwino, komanso pakamwa panga panalibe chitseko. Mayi anga ankati pakamwa pamenepa padzandipha tsiku lina. Taonani, ndikadali moyo.

Inu lero mumakwera basi yokhala ndi mipando yogona, mawa lake mwafika ku Harare kudzera ku Tete. Nthawi yathu njira ya ku Tete inali ya nkhondo, magalimoto ankayenda mondondozana, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo abusa anakana kudutsitsako ana a eni. Tinazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka, n'kukaoloka Zambezi pa Chirundu. Ndinafika miyendo itachita dzanzi, fumbi mpaka m'makutu. Sutikesi yanga inali ya katoni, yomanga ndi lamba wa bambo anga. M'kati munali madiresi, Baibulo, ndi mphatso imene mayi anakonza, chikwatu cha mfutso wa khwanya. Simuchidziwa chikwatu inu, ana a firiji. Ndiwo zamasamba ankazifutsa, kuziyanika, n'kuzikulunga m'masamba a msuku, kumanga ndi luzi, chikhale chozungulira ngati dzungu, n'kuchipachika kudenga la kukhitchini kudikira chilimwe. Mayi anati munthu salowa m'nyumba ya eni chimanjamanja.

Banja londilandira linali ku Chitungwiza, dera lotchedwa Unit L. Nyumba za kumeneko zinali zofanana ngati ana amapasa, mizere mizere, moti ndinasochera kangapo pochokera kusukulu. Mwini nyumba anali Baba Shoko, kalaliki wa m'tauni, munthu wa tayi ndi nsapato zowala. Akazi awo, Mai Shoko, ankaluka tinsalu ta patebulo togulitsa. Mwana wawo wamkazi, Rudo, anali msinkhu wanga, ndipo ndiye amene ankayenera kudzabwera kwathu. Pambuyo pake ndinadzamva kuti pamene ankalembetsa kumpingo ankayembekezera mwana wa mzungu wa ku Ulaya, kuti Rudo adzakwere ndege. M'malo mwake ndinatsika ine pa basi ndi chikwatu m'manja.

Ndinagwada n'kupereka mphatso ija ndi manja awiri. Mai Shoko anailandira ndi zala ziwiri, ananunkhiza, n'kufunsa amuna awo kuti, "Chii ichi?" ndiye kuti, n'chiyani ichi. Baba Shoko anayang'ana kumbali. Anandithokoza m'Chingerezi, ndipo m'mawa mwake ndinachiona chikwatu cha mayi anga chili pamwamba pa khola la nkhuku.

Koma kudya, ana inu, ndisaname, ndinadya. Mkate wopaka majarini tsiku ndi tsiku, tiyi wa mkaka, nyama pakati pa sabata popanda maliro kapena ukwati. Nsima yawo, imene amati sadza, inali ya ufa wogula m'thumba, yokhakhala pakhosi kwa ine wozolowera ufa woyera, koma ndi nyama inkatsika. Tinkadyera patebulo banja lonse, bambo pomwepo, mwana wamkazi pomwepo, chinthu chimene kwathu sichinkachitika. Pakona pankawala wailesi ya kanema. Ku Malawi kunalibe kanema nthawi imeneyo, musaseke, kunalibiretu. Azungu a m'kanemamo akayamba kupsompsonana, Baba Shoko ali pomwepo akutafuna, ine ndinkaloza maso m'mbale kufuna nthaka indimeze. Patebulo ndinkalankhulidwa m'Chingerezi chokha. Anansi akalowa ankawomba m'manja n'kuwatchula Baba Shoko kuti "Mukanya", dzina laulemu la mfunda wawo, iwo n'kumwetulira ngati apatsidwa ng'ombe.

Loweruka linali tsiku londionetsa dziko. Tinkapita pa msika wa Makoni kukakwera tigalimoto totalika kumbuyo, timene ankati emejensi, momwe ankatilongedza ngati matumba, mawondo ako m'mimba mwa munthu wosamudziwa. Anandikweza masitepe oyenda okha m'sitolo ya m'tauni, ndipo ndinagwira Rudo mpaka kumung'ambira bulauzi. Anandikweza kaphiri ka Kopje kuti ndione mzinda wonse uli pansi, misewu yofiirira ndi maluwa a jakaranda. Ananditengera ku bwalo la ndege kukangoona ndege zikutera, ndi ku Epworth kumene kuli miyala ya pachithunziyo, yomwe inalinso pa ndalama zawo. Paliponse Baba Shoko ankaima, manja m'thumba, n'kundifunsa funso limodzi lomwelo: "Kwanu ku Malawi zilipo izi?" Ndinkayankha kuti kulibe. Ankaseka mokhutira, n'kutigulira ayisikirimu.

Tikamanyamuka maulendo amenewa, amene ankatitsekera geti anali nkhalamba ina yowonda, ya ovolosi yotuwa. Inkakhala m'kanyumba ka matabwa kuseri, pafupi ndi dimba la ndiwo. Onse ankaitchula kuti Sekuru, ndiye kuti agogo, mmene amaitanira nkhalamba iliyonse kumeneko. Rudo anandiuza mofulumira, osandiyang'ana, kuti ndi munthu wothandiza m'dimba amene anachokera ku mafamu. M'nyumba sinkalowa. Tikatha kudya, Mai Shoko ankakokolola zotsala m'mbale ya chitsulo yosupuka, Rudo n'kukapereka pa sitepe ya kukhitchini. Ndikaipatsa moni wa Chishona umene ndinali nditaphunzira, inkangogwedeza mutu. Ndinkayesa ndi yosamva.

Tsiku lina masana ndinali ndekha kuseri, ndikuchapa yunifolomu. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga.

"Mwanawe, luzi ili ndi la mombo. Anamanga ndani chikwatuchi?"

Sopo anandipulumuka. Nkhalamba ija inali itakhala pa chitini, chikwatu cha mayi anga pamiyendo, ikuchisisita ngati mwana wodwala. Chichewa chake chinali chakale, chonga cha agogo anga, chothira apa ndi apo mawu a Chishona.

"Anamanga mayi anga, agogo."

"Manja odziwa amenewa. Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu."

 Anayamba kundifunsa mitsinje, mapiri, misika, ngati mtengo wakutiwakuti udakalipo pamphambano. Mudzi wawo unali kuseri kwa phiri, ulendo wa njinga kuchokera kwathu. Atandifunsa mfunda ndinati ndine Nambewe. Anawomba m'manja mwakachetechete, akuyang'ana ku zenera.

"Saka ndiwe mayi anga iwe! Mayi anga anali Nambewe. Amayi, mwandipeza ndili pa chitini."

Kuyambira pamenepo ndinkachapa kawirikawiri kuposa mmene zovala zinkadera. Dzina lawo anali a Jailosi Phiri. Anachoka kwawo ali mnyamata, kukafuna ndalama ya msonkho ndi bulangete, atakwera malole a ulere amene ankatenga anthu kupita nawo ku mafamu a azungu. Analima fodya, analowa mu mgodi, anaphikira mzungu. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa ndipita, koma ankachita manyazi kubwerera opanda njinga, opanda makina osokera, pamene anzawo ankabwerera nazo. Anthu otere tinkawatchula matchona. Anakwatira, mkazi n'kumwalira, kuwasiyira mwana mmodzi wamwamuna, ndipo zonse zimene ankapeza zinathera pa sukulu ya mwanayo. Mzungu wawo atachoka pa nthawi ya ufulu, anatsala opanda pogona.

"Nanga mwanayo ali kuti, agogo?"

"Si ameneyo wa tayiyo? Amene amakugulira ayisikirimuyo."

Ana inu, ndinamva ngati andithira madzi ozizira kumsana.

"Ndinamutcha Yohane Phiri. Manje kuno Phiri amati Shoko, nyani yemweyo, saka anangotembenuza jekete. Ananditenga, inde, sananditaye. Koma anati, bambo, mukhala kuseri, ndipo chinenero chanucho chisamveke pa geti. Kuno ife amatitcha Mabhurandaya, anthu opanda kwawo. Iye safuna ana ake azitchedwa choncho."

Ankanena zimenezi mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandikwiyitsa ine. Chinthu chimene chinkawadya chinali chimodzi chokha, manda. Ankati anaona anzawo a ku mafamu akufotseredwa m'mphepete mwa munda wa fodya, popanda wotchula mfunda wawo, chaka chinacho thirakitala n'kulimapo.

"Amayi, mukabwerera mukandifunire mlongo wanga Esinati, Naphiri. Mukamuuze kuti Jailosi ali moyo. Munda sindikufuna, nyumba sindikufuna. Ndikufuna malo ogona pafupi ndi mayi. Mtchona sangotulukira pamudzi ngati fisi, amayamba watumiza mawu. Akangoti bwera, ine ndinyamuka tsiku lomwelo. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Ndinalonjeza. Kuchokera tsiku limenelo nyama ya patebulo inasiya kundikomera. Ndinkayang'ana Baba Shoko akupemphera mokweza asanadye, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mlendo, bambo awo ali pa sitepe kudikira makombo. Ndinamufunsa Rudo tili pabedi pathu, ndipo analira. Ankadziwa. Makolo ake anamuuza ali wamng'ono kuti akadzaulula, palibe mnyamata wa banja labwino amene adzamukwatire.

Teremu itatsala pang'ono kutha, anakonza phwando londitsanzika. Baba Shoko ankafuna kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, choncho anaitana abusa, akulu a mpingo ndi akazi awo, kuti aone mmene anasamalira mwana wa eni. Abusa, munthu wansangala, anapempha kuti mlendo aphikeko ndiwo za kwawo. Ndinapita kuseri kukapempha chikwatu chija. Agogo anali atachipachika kudenga la kanyumba kawo, osachimasula. Ankangochinunkhiza.

"Tengani, amayi. Koma mundisungireko pang'ono m'mbale mwanga."

Ndinagula mtedza pa Makoni, ndinabwereka mtondo kwa mayi wina wa ku Mozambique, ndinasinja nsinjiro, n'kutendera mfutso uja monga ankachitira mayi anga. Patebulo panali nkhuku, mpunga, nyama yowotcha, ndipo ndiwo zanga anaziika kumapeto m'kambale kakang'ono. Alendo atakhala, Baba Shoko analankhula zambiri za ubale wa mayiko, kenaka anati, "Mwana wathu wa ku Malawi atisambitsa m'manja monga amachitira kwawo."

Monga amachitira kwawo. Anatero okha, sindinawapemphe.

Inu lero aliyense amathamangira pa mpopi, mwana kutsogolo, agogo pambuyo, wina n'kudya osasamba n'komwe, iwe Yamikani usayang'ane kumbali. Ife tinaphunzitsidwa kuti madzi osamba m'manja amayambira kwa wamkulu wa pakhomo. Sayambira kwa wolemera, sayambira kwa wovala kolala. Ndinanyamula beseni ndi jagi. Abusa anali atatambasula kale manja. Ndinawadutsa. Ndinadutsa akulu a mpingo, ndinadutsa Baba Shoko, ndinalowa kukhitchini, n'kutsegula chitseko cha kuseri, chimene chinkaonekera kuchokera patebulo. Agogo anali pa sitepe ndi mbale yawo yosupuka. Ndinagwada.

"Agogo, madzi."

Anandiyang'ana ndi mantha. "Amayi, mukuchita chiyani?"

"Sambani, agogo."

Anasamba. Madzi anatayikira pa diresi langa.  Abusa anafunsa kuti panjapo pali yani. Mai Shoko anayamba kunena za munthu wa m'dimba, koma ine ndinali nditayankha kale, m'Chingerezi changa chija chimene anandisankhira: "Ndi abambo awo a Baba Shoko. Kwathu timayambira kwa wamkulu."

Abusa anali munthu wabwino, zimenezo ndiwachitire umboni. Anaimirira okha, anapita pa chitseko, nati, "Pindai, Sekuru," ndiye kuti lowani agogo, n'kuwakhazika pa mpando wawo. Agogo analowa m'nyumba ya mwana wawo atavula chipewa, akuponda mosamala ngati pansi pali mazira. Abusa anawapempha kuti adalitse chakudya. Anayesa m'Chishona, mawu anakana, ndipo anapemphera m'Chichewa, pemphero lalitali lakale, kutchula mayi awo, kutchula Esinati, kutchula Yohane mwana wawo kuti Mulungu amuwonjezere pamene wachotsa. Palibe anati ameni kupatula abusa ndi ine. Nkhuku agogo sanaikhudze. Anadya mfutso wokha, pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu, n'kunena kuti, "Zikomo Nambewe." Kumapeto kwa tebulo mkazi wa mkulu wina ananong'oneza mnzake mawu aja, Mabhurandaya, ndipo onse awiri anabisa pakamwa ndi timipango. Baba Shoko anadya osadzutsa mutu.

Tsiku lonyamuka Baba Shoko anandinyamulira sutikesi mpaka pa geti. Pamenepo anaitsitsa, nandiyang'ana, n'kulankhula Chichewa chosalala, chopanda chilema, chimene sindinachimvepo m'kamwa mwawo teremu yonse.

"Nambewe, wakhuta?"

Ndisanatsegule pakamwa, anapitiriza.

"Wadya mkate wanga, ndakuonetsa mzinda wonse, malipiro ake ndi amenewa? Ukudziwa kukula uli Mubhurandaya iwe? Kusukulu anzanga ankandithawa, ati bambo anga ndi mfiti za ku Nyasaland. Holide ikafika aliyense ankapita kumusha, kumudzi kwawo, ine ndinkatsala pa komboni ya pa famu. Bambowo anandipatsa chiyani? Kwawo sanandionetse, kuno sanandipezere. Dzina ndinachita kudzipezera ndekha, ndipo iwe waliphwanya ndi beseni la madzi. Mlendo ndi mame, mawa iwe kulibe. Anthuwa nditsala nawo ndine."

 Zina zimene ananena zinali zoona, ndipo ndikuzivomera. Koma kunyozedwa kusukulu sikupatsa munthu chilolezo chodyetsa bambo ake makombo pa sitepe. Anthu angapo andiuzapo kuti ndinalakwa, kuti ndikanangosambitsa abusa n'kukhala chete. Ndikukana mpaka lero. Baba Shoko anandiuza kuti ndichite za kwathu, ndipo ndinachita zimene mayi anga anandiphunzitsa. Agogo anatitsegulira geti monga mwa masiku onse. Anangondigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Esinati."

Nditafika kwathu sindinachedwe. Bambo anga ananditenga pa njinga mpaka kuseri kwa phiri kuja. A Esinati tinawapeza ali moyo, okalamba, maso atachita ng'ala, akutong'ola chimanga pakhonde. Nditatchula dzina la Jailosi, chitsononkho chinawagwa m'manja.

"Jailosi uti? Mayi anamwalira akumuitana dzina. Tinadikira mpaka kutopa. Kenaka kunabwera munthu wochokera ku Halale, nati anamva kuti anafera mu mgodi. Tinalira, tinafulula mowa, tinameta."

Inu maliro a lero mumathera pa sipika ndi zithunzi za pafoni, kumeta simukudziwa. Kale maliro akatha achibale ankameta tsitsi, kusonyeza kuti munthuyo wapita ndithu, kulira kwatha, ndipo sadzamuyembekezeranso. A Jailosi kwawo anali atametedwa kalekale, iwo ali moyo akuthirira ndiwo ku Unit L.

Mwana wamwamuna wa a Esinati, bambo wamkulu kale, anabwera kuchokera kumunda, ndipo atamva anakwiya. Ankadziwa kuti malume akabwera ndiye mwini mbumba, ndipo mawu a pa minda adzakhala awo. "Malume amene sanatumizeko ngakhale singano? Lero akalamba ndiye akumbukira kuti ali ndi kwawo? Munthu salira maliro amodzi kawiri. Mukawauze kuti kumene anadyera unyamata wawo akadyerenso ukalamba."  Tikunyamuka a Esinati anangondifunsa chinthu chimodzi: "Kumeneko akudya?" Ndinati akudya.

Ndinabwerera mtima uli bii. Kalata sindikanalemba, chifukwa agogo sankadziwa kuwerenga, ndipo makalata a pakhomo paja ankafikira kuntchito kwa Baba Shoko. Ndinadikira Rudo.

Anabwera chaka chinacho, atachita kukangana ndi makolo ake kuti amulole. Nkhani imene anabwera nayo inali yoipa. Phwando lija litatha, anansi anasiya kunena kuti Mukanya, anayamba kuwaitana bambo ake kuti "Achimwene", mokoka mawu, ana n'kumaseka. Pa ukulu wa mpingo anasankha wina. Sipanapite nthawi, Baba Shoko anatenga agogo n'kukawasiya ku nyumba yosungirako nkhalamba zopanda abale, cha ku Zengeza, n'kukanena kuti ndi wantchito wawo wakale. Rudo ankapitako mobisa. Ankawapeza atakhala pafupi ndi geti, kasutikesi komangamanga pambali, ndipo funso linali limodzi: "Amayi atumiza mawu?"

Rudo kwathu anavutika, ndisabise. Mkate kunalibe, magetsi kunalibe, chimbudzi chokumba chinamuliza misozi, therere linkamuthawa m'manja ife n'kumaseka. Koma anali ndi mtima mwana uja. Anaphunzira kusinja, kusenza ndowa, ndipo Chichewa chinamulowa msanga ngati kuti chinkangogona m'mimba. Nditamuuza zimene anayankha kuseri kwa phiri, anati, "Ndiperekeze. Akandikane ndikuona."

Tinapita. A Esinati anamuitana kuti asendere pafupi, n'kuyamba kumupapasa nkhope ndi manja, chipumi, mphuno, makutu. Atafika pa makutu anaima.

"Makutu awa ndi a mayi anga."

Mwana wawo uja anayamba kulankhula zake zija. Nkhalamba inamudula.

"Khala chete iwe. Mimba imene anatulukamo Jailosi ndi imene ndinatulukamo ine, iwe kunalibe. Chaka chonse chino sindinagone tulo. Tinameta, inde, koma tsitsi linamera. Mdzukulu wanga, ukamuuze abwere. Malo pafupi ndi mayi alipo, ndinasungira ine, koma tidzapanikizana."

Ana inu, tsiku limenelo tinabwerera tikuimba njira yonse. Rudo anati uthengawo sakanena m'Chishona kapena m'Chingerezi, akanena m'chinenero cha agogo ake. Ankaubwereza potunga madzi, posesa, pogona, kuti lilime lisakapunthwe. Bambo anga analankhula ndi abusa athu, ndipo anagwirizana kuti gulu lotsatira la ana a sukulu lidzabwere nawo agogowo. Mayi anga anayamba kale kunena za nkhuku imene adzawaphere. Rudo anakwera basi teremu itatha, tonse tikumubayibitsa.

Kalata yake inafika mvula itayamba. Inali yaifupi. Agogo anali atamwalira iye akadali kwathu, mwina masiku omwewo amene tinkaimba panjira. Anawapeza m'mawa atakhala pa mpando wawo pafupi ndi geti, chipewa kumutu. Baba Shoko sanatumize uthenga, ati kuopa kumusokoneza mwana pa maphunziro. Anawaika mwakachetechete ku manda a ku Unit L, pakati pa sabata, anthu ochepa, popanda wotchula mfunda. Pa kachitsulo ka pamanda analembapo kuti Shoko.

Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, ndipo sindinamukhululukire munthu uja, ngakhale ndimadya mgonero kutchalitchi. Ndinaona masitepe oyenda okha, ndinaona ndege, ndinaona miyala yosanjikizana, koma mukati Zimbabwe ine ndimaona nkhalamba itakhala pa geti ndi kasutikesi. Ku Ntcheu anailira isanafe. Ku Chitungwiza anaika munthu wa dzina lina.

Rudo analemba kuti atangotsika basi n'kumva, sanalowe m'nyumba. Anasiya katundu pa geti, anapita kumanda, anafunsa okumba mpaka anamulozera mulu wa dothi lofiira. Anagwada monga tinamuphunzitsira, anawomba m'manja, n'kupereka uthenga wake osapunthwa ngakhale liwu limodzi.

"Agogo, a Naphiri akuti mubwere. Malo alipo."